Ola Limodzi la Abla Nesma

"Ola limodzi lokha, Make Rehab. Sindikupempha tsiku lonse ayi, ola limodzi."

"Nanga ufawu udzikanda wokha?" ndinamuyankha, manja ali m'beseni mpaka m'zigongono. "Kapena m'mabuku mwakomo analemba kuti buledi amagwa kuchokera kumwamba?"

Nesma anaima pakhomo la khitchini atakumbatira buku lalikulu lobiriwira. Anali mkazi wa Medhat, mng'ono wa mwamuna wanga, ndipo anali atangotha miyezi inayi m'nyumba mwathu. Kusukulu ya atsikana ya m'mudzi mwathu anali atatha milungu isanu akuphunzitsa kemisitiri. Analowa m'malo mwa mphunzitsi wina amene anapeza ntchito ku Kuwait chaka chili pakati, n'kusiya theka la buku lisanatsegulidwe. Mayeso anali atatsala milungu inayi.

"Mawa ndili ndi makalasi atatu," iye anatero. "Sindinawerenge ngakhale tsamba limodzi. Ine ndine watsopano, akulu anga. Aphunzitsi akale zonse zili m'mutu mwawo, ine ayi. Ndikapanda kukonzekera ndimangoima patsogolo pa atsikana makumi asanu ngati chitsa, iwo n'kumatsinana."

Apongozi athu, Hagga Zakeya, anali pamkeka akusankha mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Abla wayamba kuphunzitsa," anatero. Ana asukulu ndiwo amaitana mphunzitsi wamkazi kuti Abla, koma ife tinkamuitana choncho pomunyoza. "Tamvera mwanawe, kusukulu ndiwe Abla, sitikukana. Ukalowa pakhomo ili ndiwe mtengwa ngati mnzakoyu. Njati yathu ya mkaka sinakamidwe, abakha sanadye. Buku silithawa."

"Nthawi ndi imene ikuthawa, Amayi."

"Ithamangitse ukamaliza kukama."

Ine ndinaseka mokweza, ndipo ndikuvomera kuti ndinamva kukoma. Sukulu ndinalekeza ndili m'kalasi yachitatu. Ndinalowa m'nyumba imeneyi ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kwa zaka makumi awiri ndinakanda ufa, kukoleza uvuni ndi kukama njati popanda wondipatsa ngakhale mphindi imodzi. Tsono kubwere kamtsikana ka m'tauni ka zala zofewa kuti kapatsidwe ola? Njiru inandidya, ndipo ndinkaitcha chilungamo.

Rehab anasuzumira kumbuyo kwa Nesma. Anali mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, woonda ngati bango, ndipo anali m'kalasi ya Nesma yomweyo.

"Amama, ndikande ine. Abla akapanda kukonzekera, amene tilephere mayeso ndi ife."

"Iwe bwerera kuchipinda ukawerenge. Manja akowo sadzagwira ufa ine ndili moyo."

"Nanga ndiwerenga chiyani poti wondiphunzitsa mwamutsekera m'khola la njati?"

"Pakamwa! Watengera ndani?"

"Anthu amati inu."

Nesma anaika buku pamwamba pa firiji, napinda manja a diresi n'kutenga ndowa. Podutsa anamusisita Rehab pamutu, Rehab n'kumumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunandilasa kuposa mawu onse, chifukwa mwana wanga anali atayamba kunena kuti akufuna kudzakhala ngati Abla Nesma. Sanayambe wanenapo kuti akufuna kudzakhala ngati ine, ndipo inenso sindinkafuna kuti atero, komabe zinkandiwawa.

Mlungu wotsatira tinakolola tirigu. Matumba khumi ndi anayi anafika pangolo ya bulu, amuna n'kuima pabwalo osadziwa koika. Zaka zonse tirigu ankakhala m'chipinda cha pamwamba pa nyumba, chopita mphepo mbali zonse. Koma Medhat atakwatira, chipinda chija anachipaka pulasitala ndi penti, n'kuikamo bedi ndi kabati ya magalasi. Hagga anaweruza kuti matumba alowe m'chipinda cha Rehab, pansi, chifukwa ndicho chouma ndiponso makoswe safikamo. Anawasanja kukhoma, kusiya kanjira kopita pabedi ndi patebulo lake lowerengera.

Tsiku lomwelo mwamuna wanga, Abdel-Sattar, anabwera ndi kachitini ka mapiritsi a anankafumbwe, aja timakwirira m'matumba kuti tirigu asafumbwe. Anakaika pawindo n'kukhala pansi kuti adye. Rehab anali asanaweruke. Nesma atakaona kachitini kaja, anasiya supuni.

"Alamu, amenewa mukufuna kuika kuti?"

"M'matumba. Nanga m'tiyi?"

"M'chipinda chogona mwana?"

"Mwana sadya matumba," ndinalowerera ine.

"Sikuti mpaka adye, akulu anga. Mapiritsi amenewa akangomva chinyezi amatulutsa mpweya. Mpweyawo ndi umene umapha anankafumbwe, ndipo susankha. Munthu akagona momwemo chitseko chili chotseka, umamulowa pang'onopang'ono. Kuchipatala kulibe mankhwala ake."

"Zaka makumi awiri tikuika," anatero Hagga. "Wafa ndani? Ine ndili pano, mano okha ndiwo anatha."

"Munkaika pamwamba, Amayi, pamphepo, mopanda wogonamo."

"Ndiye pamwambapo anatilanda ndani?" ndinafunsa, ndikumuyang'ana m'maso. "Tirigu anali ndi nyumba yake. Kunabwera mfumukazi ndi kabati ya magalasi, tirigu n'kusanduka mlendo. Lero mfumukazi yomweyo ikutiphunzitsa kusunga tirigu."

Nkhope yake inagwa, koma sanabwerere m'mbuyo.

"Chabwino. Kwezani matumbawo m'chipinda changa. Ine ndizigona pansi ndi Rehab, Medhat amabwera kuchokera kuntchito Lachinayi lokha."

"Kuti abale ako akabwera adzapeze matumba pa bedi la ukwati?" Hagga anamenya m'manja. "Adzati tinakutenga kuti ukhale mlonda wa nkhokwe. Ayi, manyazi amenewo ine sindisenza."

"Ndiye dikirani mayeso athe. Milungu itatu yokha. Rehab akamaliza akakhale kwa azakhali ake masiku khumi, inu muike mapiritsi, mutseke chipinda, kenako mutsegule mawindo. Alamu, ndikupemphani m'dzina la Mulungu."

Abdel-Sattar ndi munthu wosakonda phokoso la akazi. Anapukuta pakamwa nati, "Milungu itatu si chaka. Tidikira." Ndipo anatuluka.

Ine ndinamutsatira Nesma mpaka kukhola, kumene anakaika kachitini kaja pamwamba pa khoma, kuseri kwa njerwa.

"Wapambana, Abla. Koma tamvera. Usakamuuze mwana wanga za mipweya yakoyo. Ali kale ndi mantha a mayeso, chakudya sichikulowa. Ukamuopseza kuti akugona ndi imfa, udzandiona."

"Poti simuika, palibe chomuopsezera," anayankha. "Koma ndikufuna ndikaphunzitse kalasi yonse. Mudzi wonse uno ukuika mapiritsiwa mwezi uno, ndipo ambiri alibe chipinda chapadera. Akulu sangandimvere ine, ndaona lero. Koma ana awo akakanena kunyumba, mwina angamve. M'buku mulibe, ndiye ndiyenera kulemba ndekha, m'mawu oti mwana aliyense akathe kubwereza kwa amayi ake. Ndikungofuna nthawi yokhala pansi."

"Nthawi ili m'thumba mwanga, ndikupatsa mawa," ndinatero, ndikumupatsa chikwakwa chomwetera udzu wa njati.

Lamlungu, tsiku limene sukulu imayamba kwathu kuno, Nesma anabwera kuchokera kusukulu ali ndi choko mpaka patsaya. Anandipeza ndikusenda anyezi ndipo anakhala pansi pambali panga, ngati kuti ndine mnzake.

"Ndawapempha ahedi. Akuti za anankafumbwe sizibwera pamayeso. Akuti ndikamaliza mutu wachisanu ndi chiwiri pofika Lachinayi, andilola nditenge mphindi zomaliza za kalasi. Ndikapanda kumaliza, ndisatchulenso."

"Ndiye malizatu."

"Ndikakhala ndi ola madzulo aliwonse, ndimaliza."

Sanalipeze olalo. Lolemba kunali amuna omanga mapesi a tirigu, ofuna chakudya cha anthu khumi. Lachiwiri Hagga analandira alendo odzaona mwendo wawo wotupa, ndipo tiyi anawira kanayi. Lachitatu ndinatulutsa mabulangete onse a nyengo yozizira kuti achapidwe. Mabulangete amenewo akanatha kudikira mpaka mwezi wamawa, ndipo ndinkadziwa. Ndinkamuona akuchapa buku atalitsamiritsa pampopi, akuwerenga milomo ikugwedera, masamba akunyowa. Ndinkati mumtima, aone mmene enafe timakhalira.

Lachinayi anabwera maso ali psuu.

"Ndasokoneza masamu pabolodi," anandiuza. "Mtsikana wina wandikonza, kalasi yonse n'kuseka. Mutu sunathe. Ahedi akuti mwina mlungu wamawa."

"Amene wakukonzayo ndani?"

"Rehab. Koma iye sanaseke."

Mlungu wamawawo unafika, zinthu n'kukhala chimodzimodzi. Njati inabereka, ndipo Nesma anagwira nyali ndi ndowa m'malo mwa cholembera. Phunziro la mapiritsi linakankhidwiranso kutsogolo. Pepala limene anayamba kulembapo linkayenda m'thumba la diresi yake, lili ndi mizere itatu yokha. Tsiku lina ndinamuona akulitulutsa ali pafupi ndi uvuni, ndipo ndinamuitana kuti adzatembenuze buledi asanalembe ndi liwu limodzi lomwe.

Lachitatu la mlungu womwewo, onse awiri ali kusukulu, ndinalowa m'chipinda cha Rehab kukasesa. Ndinapisa dzanja m'thumba limodzi monga mwa chizolowezi, ndipo potulutsa ndinaona tizilombo titatu tikuyenda pachikhatho. Thumba lachiwiri, chimodzimodzi. Matumba amenewo anali buledi wathu wa chaka chonse. Chaka chatha tinataya matumba awiri, ndipo Hagga anandinena mwezi wathunthu kuti ndine mkazi wosasamala.

Ndinaima pamenepo n'kudzifunsa kuti kodi ndimvere kamtsikana kamene sikadziwa ngakhale kuyatsa uvuni? Mayeso anali atatsala masiku khumi, ndipo masiku khumi ndi ambiri kwa anankafumbwe. Ndinapita kukhola, ndinakwera pandowa, ndinatsitsa kachitini. Ndinakulunga mapiritsi m'tinsanza n'kuwakwirira pakati penipeni pa matumba, ndipo chifukwa tizilombo tinali titayamba kale, ndinaika ochuluka kuposa masiku onse. Ndinamanga matumba monga analili, ndinakolopa pansi ndi madzi ambiri kuti pasaoneke tirigu wotayika, kachitini kopanda kanthu n'kukabwezera kuseri kwa njerwa. Sindinauze munthu, ngakhale mwamuna wanga.

Madzulo ake kunayamba mphepo ija yotentha ya fumbi imene imabwera nthawi yokolola. Kumwamba kunafiira, mchenga n'kumalowa mpaka m'mano. Ndinatseka kawindo ka chipinda cha Rehab n'kutsekera nsanza m'mipata kuti mabuku ake asade. Ndinachita zimenezo ndi manja angawa, chifukwa chomukonda.

Lachinayi Rehab anadzuka akudandaula mutu, koma anapita kusukulu. Atabwerako anadzitsekera n'kumawerenga mpaka chakudya chamadzulo, chimene anangochilawa. Medhat sanabwere mlungu umenewo, anatsalira kuntchito.

Lachisanu m'mawa ndinakumbuka kuti tsiku limeneli, poti kulibe sukulu, Nesma amakonda kulowa m'chipinda cha Rehab kukamufunsa mafunso a mayeso. Ndinaopa mphuno yake. Ndinadziwa kuti akakhalamo pang'ono azindikira, ndipo padzakhala mlandu pamaso pa mwamuna wanga. Choncho ndinamudikirira pansi pa masitepe. Anatsika atamanga kale mpango, wokonzeka kukanda.

"Bwerera," ndinamuuza.

"Ndalakwa chiyani, akulu anga?"

"Palibe. Ola lija unkalira lija, tenga. Tenga tsiku lonse. Kwera, utseke chitseko, ulembe maphunziro ako onse ndi za anankafumbwe zakozo. Ufa ndikanda ndekha, njati ndikama ndekha. Palibe akuitane mpaka azana ya madzulo italira kumzikiti."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Kenako misozi inalengeza, nandigwira mutu ndi manja onse awiri n'kundipsompsona pachipumi.

"Mulungu akusungireni Rehab wanu," anatero. "Ndinkadziwa kuti mtima wanu ndi wabwino, pakamwa pokha ndi pamene pali tsabola."

Anakwera masitepe akuthamanga ngati kamwana. Ine ndinapukuta pachipumi ndi mpango, chifukwa pankandiotcha.

Dzuwa litakwera, amuna atapita kumzikiti, Rehab anatuluka m'chipinda akugwira khoma. Anafika pampopi n'kusanza. Ndinamugwira, thupi lake lili zii ngakhale kunja kunkatentha.

"Ndi nsomba zamchere zija za dzana," ndinatero. "Ndinakuuza kuti usadye zambiri."

"Ndinangodya kachidutswa, Amama. Pachifuwa pakundithina, ngati wina wandikhalira."

"Ndi mantha a mayeso. Ngakhale mwana wa Make Samah anadwala chonchi chaka chatha."

"M'chipinda mwanga mukununkha adyo. Kuyambira dzulo."

"Si adyo uyu ndapachika m'khondemu? Fungo limalowa pansi pa chitseko."

Zinali zoona, adyo wa chaka chino anali lende m'khonde. Koma mtima wanga unagunda kamodzi mwamphamvu, ndipo ndinaumva. Ndinautontholetsa. Ndinadziuza kuti Nesma ananena za mpweya, sananene za adyo. Ndinadziuza kuti mapiritsi ali pakati pa matumba omanga bwino, ndipo zaka makumi awiri sizinganame.

"Itanani Abla Nesma," anatero Rehab. "Iwo amadziwa za mankhwala."

"Musiye, akulemba. Wakhala akulira nthawi mwezi wonse, lero waipeza ndiye timusokoneze chifukwa cha m'mimba? Ine ndinakulera zaka zonsezi popanda Abla."

"Basi musawaitane," anavomera. "Alembe. Lamlungu asakachitenso manyazi."

Ndinamufinyira mandimu m'madzi, anamwa pang'ono. Ndinamugwira mkono n'kumubwezera pabedi lake, pakati pa matumba. Ndinamufunditsa nsalu yopepuka, ndinamuwerengera mawu a Mulungu pamutu, ndipo potuluka ndinakoka chitseko mpaka chinalira kuti fumbi ndi phokoso la abakha zisamudzutse. Kawiri konse ndinaima pansi pa masitepe, dzanja lili pachitsulo, pakamwa patatseguka kuti ndiitane. Kawiri konse ndinabwerera kukhitchini. Ndinkaopa kuti akatsika, ndidzayenera kunena zimene ndinachita.

Azana ya madzulo italira, ndinamva mapazi ake pamasitepe. Anatsika atanyamula mapepala, nkhope ikuwala, zala zili ndi inki.

"Ndamaliza, akulu anga. Mitu iwiri yonse, ndi phunziro lija. Ndikufuna Rehab alimve poyamba, andiuze ngati likumveka."

"Wagona. Sakupeza bwino m'mimba."

"Ndingomusuzumira."

Ndinafuna kumugwira, koma manja anali ndi ufa. Anatsegula chitseko, analowetsa phazi limodzi, n'kuima. Mapepala anagwa. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo mawu ake anali otsika kwambiri.

"Make Rehab, munaika?"

Ndinayang'ana ufa wa m'manja mwanga.

"Liti?"

"Lachitatu."

Anaphimba mphuno ndi mpango, analowa, natuluka atamunyamula mwana wanga, iye amene ndinkamunena kuti sangathe kusenza ndowa. Milomo ya Rehab inali itachita bii. Nesma anamugoneka pabwalo, anakuwira Abdel-Sattar kuti aitane tukutuku, kanjinga kamoto ka matayala atatu, anathamangitsa Hagga kuti atuluke m'nyumba, anaswa kawindo kaja ndi mwala ali kunja. Ine ndinangogwada, ndikupukuta ufa wa m'manja mwanga pa diresi ya mwana wanga.

M'njira Rehab anatsegula maso, mutu uli pamiyendo panga.

"Abla, mwamaliza kulemba?"

"Ndamaliza, mwana wanga. Usalankhule, puma."

"Mwaona, Amama," anatero. "Ola limodzi lokha."

Kuchipatala cha kuboma dokotala anangofunsa mafunso awiri, kuti mapiritsi angati ndi masiku angati. Nditayankha anayang'ana pansi. Anamuika mapaipi, anachita zimene akanatha. Rehab anatisiya Loweruka, dzuwa likutuluka.

Za maliro sindinena zambiri, chifukwa zambiri sindikuzikumbuka. Ndikukumbuka kuti akazi anadzaza nyumba masiku atatu atavala zakuda, ndipo Hagga ankauza aliyense kuti mwana anali ndi mtima wofooka chibadwire. Mwamuna wanga anatulutsa matumba onse n'kukawaunjika kumunda, ndipo sanandifunse kanthu, sanandiyang'anenso. Nesma ankaphika, kutsuka makapu ndi kulandira alendo. Sanandiloze chala ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananditukwana.

Tsiku lachitatu ndinamva akazi awiri akunong'onezana kuseri kwanga.

"Akuti ndi mankhwala a kusukulu. Mphunzitsiyo ankasunga mabotolo ake m'nyumba."

"Ndimadziwa ine. Mkazi wophunzira za poizoni n'kumulowetsa pakhomo?"

Hagga anali pomwepo ndipo anamva, koma anangopitiriza kuwerenga mikanda yawo yopempherera. Ndinazindikira kuti nkhaniyo ikasiyidwa ikhazikika, chifukwa inali yopepuka kwa tonsefe. Akanaisenza ndi Nesma, mlendo, ine n'kutsala mayi wofedwa womvetsa chisoni. Ndikuvomera kuti usana wonse ndinakhala chete.

Lachinayi m'mawa ndinamupeza Nesma pakhomo atavala zopita kusukulu. Anali atawonda, maso atalowa.

"Mapepala aja uli nawo?"

"Ndili nawo. Ahedi akuti nditenge nthawi imene ndikufuna." Anaseka kuseka kopanda moyo. "Tsopano nthawi yapezeka."

"Ndipita nawe."

"Simungathe, akulu anga. Malo a Rehab ali pomwepo."

"Ndati ndipita nawe."

Ndinali ndisanalowe m'kalasi kuyambira ndili kamwana. Atsikana anaimirira onse atandiona, ena n'kuyamba kulira. Pa benchi lachitatu, pafupi ndi windo, anzake a Rehab awiri anali atakhala motalikirana, kusiya mpata wa munthu woonda pakati pawo. Ndinaima kumbuyo, pansi pa wotchi ya pakhoma.

Nesma anatambasula pepala, koma sanaliyang'ane kwambiri. Analankhula ngati mmene timalankhulira pauvuni. Anawauza kuti mapiritsi a m'tirigu akamva chinyezi amatulutsa mpweya wosaoneka. Anati asalole kuti aikidwe m'nyumba yogona anthu, ngakhale chipinda choyandikana. Anati akamva fungo la adyo kapena la nsomba yoola pafupi ndi matumba, atuluke nthawi yomweyo n'kutulutsa aliyense. Anati munthu akayamba mutu, kusanza ndi kuthina pachifuwa m'nyumba yosunga tirigu, asamupatse mandimu n'kumugoneka, amutulutse panja ndi kuthamangira naye kuchipatala. Pa mawu a mandimuwo anatsamwa, chifukwa anawalemba Lachisanu lija ali pamwamba, ine ndikufinya mandimu pansi.

Atamaliza ndinayenda mpaka kutsogolo. Pakamwa panga sipanayambe pandikanapo.

"Mukauze amayi anu kuti si mankhwala a kusukulu," ndinatero. "Abla anatichenjeza, ife tinamuseka. Mapiritsi ndinaika ndine, mobisa. Windo ndinatseka ndine. Rehab anandiuza za fungo la adyo, ine ndinamubwezera pabedi. Phunziro mwamvali Abla ankafuna kukupatsani milungu itatu yapitayo, ine ndinamupatsa mabulangete kuti achape. Mukanene choncho, mutchule dzina langa, Fawzeya mkazi wa Abdel-Sattar."

Kenako kamtsikana kena ka kumapeto, kovala magalasi, kanakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Abla, kwathu anaika dzulo. Matumba ali pansi pa bedi la azing'ono anga."

"Thamanga," anatero Nesma. "Siya chikwama, thamanga."

Kanatuluka liwiro, nsapato zikulira pakhonde. Enanso awiri anaimirira n'kukatsatira osapempha chilolezo.

Ndinatembenuka n'kuyang'ana wotchi ija. Manambala ndimawadziwa, ngakhale zilembo zimandivuta. Kuyambira pamene Nesma anatambasula pepala mpaka pamene analipinda, panadutsa mphindi khumi ndi ziwiri. Ufa wanga umatenga nthawi yoposa pamenepo kuti ufufume.

Masiku ano Nesma amatsikabe m'mawa uliwonse atamanga mpango, ndipo ine ndimamudikirira pansi pa masitepe n'kumubweza. Amakwera osatsutsa. Ndimakanda ndekha, ndimakama ndekha, ndipo nyumba imakhala chete moti ndimamva mpando wake ukukhwekhwereza pamwamba. Ola lija ali nalo tsopano tsiku lililonse. Anthu akundiitanabe Make Rehab, ndipo ndimayankha.